Nditumizireni Khwekhwe Limodzi

KwaThema, Springs
14 Okotobala 1997

Okondedwa Bambo,

Salamu aleikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mayi. Kodi msana uja ukukuvutanibe? Ine kuno ndili bwino, Mulungu akundisunga. Iwe Safia mlongo wanga, powawerengera bambo kalatayi usadumphe mawu, ngakhale pomwe ndikudzichititsa manyazi.

Bambo, ndapeza Chilwa wina kuno ku Joni. Musaseke. Kuseri kwa milu ya dothi la m'migodi kuli dambo lalikulu lotchedwa Blesbokspruit, bango lake losaoneka mathero. Atsekwe, akakowa, achipiyo, onse alipo, onenepa ngati oweta, ndipo munthu samuthawa. Ndinati anthu a kuno ali ndi ndiwo pakhomo koma akudya kabichi.

Lamlungu lina, nditapuma ku ntchito yanga ya m'maluwa, ndinapita ndi twaini n'kutchera makhwekhwe m'njira za anadititi, timbalame tija timayenda pansi m'bango. Pofika masana ndinali nditakola atatu. Ndikuwerama kuti ndiwonjole, ndinangomva dzanja paphewa. Anali mlonda wa dambolo, Msutu wina dzina lake Kenneth. Mukudziwa kuti ndilibe mapepala, ndiye ndinadziona kale ndili m'galimoto ya apolisi.

Kenneth anandifunsa ngati sindinaone chikwangwani pageti. Ndinamuuza zoona, kuti ndinalowera m'madzi, monga amachitira mwana wa m'mbali mwa Chilwa. Anaseka mpaka kukhala pansi. Kenaka anandifotokozera kuti maiko ambiri anapangana zoteteza madambo ena, chifukwa mbalame zake si za dziko limodzi, zina zimachokera ku Ulaya chaka ndi chaka. Ku ofesi anandionetsa pepala la madambo otere, ndipo bambo, Chilwa wathu alipo, anamulemba posachedwapa. Ndinaika chala pa dzinalo, ndikumwetulira ngati si ine wogwidwa.

M'malo moitana apolisi anaitana mayi wina wachizungu amene ntchito yake ndi kugwira mbalame, kuziyeza, kuziveka kamphete kachitsulo kumwendo, n'kuzisiya ziuluke. Mayiyo ataona anadititi anga anagwira pakamwa. Akuti miyezi ndi miyezi akhala akutchera maukonde, koma timbalameti sitiuluka m'mwamba, timangozembera pansi. Anandifunsa kuti ndinadziwa bwanji podutsa pake. Ndinayankha kuti bambo anga amawerenga matope ngati shehe amawerengera kitabu.

Tsono imvani nkhani yeniyeni. Mayiyo akuti andilemba ntchito, ndipo andithandiza za mapepala, ngati ndingagwire timbalameti tamoyo, topanda bala. Andipatsa mpaka kumayambiriro kwa Disembala kuti ndiwaonetse. Ndikasangalala ndimalephera ndi kudya komwe. Koma mwa atatu aja, wina anathyoka mwendo, wina twaini inamudula khungu. Ndayesa mfundo zonse zomwe ndikukumbukira, zikungothina mpaka kuvulaza.

Khwekhwe lanu silinavulazepo mbalame. Munkati yofera pa msampha ndi haramu, siidyedwa, choncho munkamanga mwakuti mfundo igwire mwendo n'kulekera pomwepo, mbalame ikudikireni ili yamoyo mpaka mutafika ndi mpeni ndi Bisimila. Kangati munandiitana kuti ndikhale pansi ndione? Ine maso anali kumsewu.

Ndipo sindinaiwale zomwe ndinalankhula tsiku lonyamuka, nyanja itauma ija, anthu akumva pa doko la Kachulu. Ndinati sindidzafa ndikununkha matope ngati inu. Inu munangonditengera chikwama mpaka pa galimoto. Zaka ziwiri ndakhala ndikulemba moni kwa mayi okha chifukwa cha manyazi. Ndinalakwa, bambo. Mwana akanyera pa ntchafu sadula mwendo, chonde ndikhululukireni.

Ndikudziwa kuti mukamva zoti mwana wanu akufuna ntchito yogwira ndiwo n'kuzitaya, muti Joni wamuzunguza mutu. Sekani ndithu, nanenso ndimaseka. Koma ndinagwira nadititi m'manja, ndikumva kamtima kake kakugunda, mayi achizungu aja n'kumuveka mphete, ine n'kutambasula zala. Anathamangira m'bango osacheuka, ndipo ndinamva kukoma komwe sindinakumvepo pa mbale.

Pempho langa ndi ili. A Zuberi, amene abweretsa kalatayi, abwerera kuno pakatha masabata atatu. Ndimangireni khwekhwe limodzi lokha ndi manja anu, pamodzi ndi kamtengo kake, mulikulunge m'kansalu muwapatse. Musavutike kufotokoza. Ndidzalimasula ndekha pang'onopang'ono, ndione pomwe zala zanu zinadutsa, mpaka zanga ziphunzire. A Zuberi akadzafika chimanjamanja, ndidzamva yankho lanu, ndipo sindidzadandaula.

Mundiperekere moni kwa mayi, kwa amalume a Abdulhamid ndi onse a ku mzikiti. Mulungu akupatseni mphamvu ndi masiku ambiri, madzi a Chilwa asakuthaweninso.

Ndine mwana wanu wodikira,
Latifu