Bokosi la Medhat

Lachisanu, 3 Novembala

Medhat wanyamula silinda yanga ya gasi. Mwana wobereka ndekha. Watsika nayo masitepe onse ili paphewa, anthu akusuzumira pazitseko ngati mukutuluka maliro.

M'malo mwake wandisiyira ketulo ya magetsi ndi bokosi loyera. Maikirowevu. Lakhala pomwe ndinkakandira ufa.

Mlandu wanga ndi umodzi: mkaka wa Lolemba lija. Unasefukira n'kuzimitsa moto, gasi n'kumangotuluka, ine ndili pakhonde ndikutsitsa dengu pachingwe kwa wogulitsa buledi pansi mumsewu. Nagat, wa khomo loyang'anana ndi langa, ndiye anamva fungo. Akanangogogoda n'kundiuza ine, zikanathera pompo. Ayi, anagogoda, kenako n'kuimbira Medhat ku Cairo. Munthu woti takhala tikubwerekana mchere zaka makumi atatu.

Mawu a mwanayu sakundichoka m'makutu: "Amayi, ndibweranso pa 17. Ndikapeza zili bwino, mukhala. Koma kukachitikanso kanthu, tikupitira limodzi, ndipo musadzandilirire."

Kumene akunenako ndi kunsanja ya khumi ndi chimodzi. Chipinda chopanda khonde. Khitchini ya mkazi wake Shahira, komwe mlendo sagwira ngakhale supuni. Ine muno mu Mansoura, m'nyumba ino, ndinalowa ndili mkwatibwi. Bambo ake a Medhat anatsirizikira m'chipinda ndikulemberachi. Sindikupita.

Wamata pepala pakhoma. Chitsulo ayi. Foilo ayi. Dzira losaswa ayi. Osaliyatsa lopanda kanthu. Vundikirani chakudya. Pukutani mukatha. Ine ndaphunzitsa masamu zaka makumi atatu ndi zisanu, lero ndikulemberedwa malamulo ndi mwana amene ankalira akamva za kuchulukitsa.

Lamlungu, 5 Novembala

Mphodza za kwa wogulitsa wa pangodya. M'mbali zowotcha lilime, pakati pozizira ngati madzi a mumtsuko. Ndaphunzira: kuimitsa pakati, kutakasa, kubwezeramo. Ndinayang'ana katatu ngati supuni ndachotsa.

Bokosilo likamalira ndimakaima pakhomo la khitchini. Chomwe ndikuopa sindikuchidziwa.

Linkaoneka ngati lili maliseche, ndiye ndinalifunditsa kansalu koluka monga ndimachitira ndi wailesi. Medhat kuimba foni ya kanema ija, kuona kansaluko, kukuwa: "Amayi, chotsani msanga! Mwatseka timabowo topumira, litentha limenelo!" Ndachotsa. Ndamuuza kuti papepala pake sanalembepo za kupuma. Wati adzalemba.

Kaya imeneyi waiwerengera kale, kaya ayi. Kufunsa ndinaopa.

Lachiwiri, 7 Novembala

Ndilemba pang'onopang'ono.

Nagat anabweretsa mbale ya kabichi wokulungamo mpunga, atavundikira ndi foilo, kapepala kachitsulo konyezimira kaja. Kupepesa kwake n'komweko, pakamwa sangayerekeze. Mkwiyo ndinali nawo, koma fungo linandigonjetsa.

Foilo ndinachotsa, n'kudziyamikira ndekha. Mphindi ziwiri. Ndisanafike pakhomo, pha! pha! pha! Mkati ng'ani ng'ani ngati mphenzi. Fungo la waya wopsa. Ndinazula pulagi n'kukhala pansi, pasimenti penipeni.

Mbaleyo ndi ya paukwati wake, ya mkombero wa golide. Ndani angaganize kuti kamzere ka pambale n'chitsulo? Mlendo akabwera, maliro akagwa, mnzako akadwala, chakudya chimayenda m'mbale zimenezi. Amati safunsa anadya phula, koma ine ndikanafunsa ndani, ndipo ndikanafunsa kuti chiyani?

Golide wada mbali imodzi. Mkati mwa bokosi, kukhoma la kumanja, kuli kachidutswa kotuwa kooneka ngati katoni. Pakati pake chipsera chakuda, kukula kwake ngati chala chachikulu.

Sindinaiwale kanthu. Sindinkadziwa basi. Zimenezi n'zosiyana. Koma Medhat akadzaona chipseracho sadzakhala ndi nthawi yosiyanitsa.

Lachitatu, 8 Novembala

Sopo, nsalu, madzi a mandimu. Monse mwayera mbee, chipsera chili pompo. Ndinatenga waya wotsukira mapoto kuti ndikhule, mtima unakana.

Ndinayesa ndi tambula ya madzi, yagalasi lokhalokha, yopanda kamzere kalikonse. Sipanatenge nthawi, pha! kuchokera pachipsera pomwepo. Ndazula pulagi. Sindiliyatsanso.

Ndiye gasi palibe, bokosi palibe. Buledi, tchizi, tomato, tiyi. Mtengo wa tchizi nawo wakweranso, ngati akudziwa.

Medhat pa foni: "Zikuyenda, Amayi?" Ndati zikuyenda bwino kwabasi. Kumunamiza komaliza kunali ali mwana, pomwe ndinkati mankhwala a chifuwa ndi otsekemera.

Lamlungu, 12 Novembala

Masiku anayi a tchizi. M'mimba mwayamba kudandaula. Kunja kwazizira, mawondo akufuna chotentha.

Mbale ya Nagat ili m'kabati, pansi pa nsalu za patebulo. Mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu, ndipo sigonera sabata. Nanga ndiphike chiyani, pa chiyani? Akamva phazi langa amatsegula chitseko, ine n'kubwerera m'nyumba ngati ndaiwala kanthu. Taonani ukalamba: kunamizira kuiwala pofuna kubisa kuti sindinaiwale!

Dzulo anakuwira pachitseko: "A make Medhat, mbale yanga ija mwaikwatitsa?" Ndinatsokomola mwadala, n'kunena kuti ndili ndi chimfine.

Kwatsala masiku asanu. Ndagwira njakata.

Pansipa pali Ragab, amakonza mafani ndi simbi zositira. Koma shopu yake ndi bwalo la milandu. Azibambo a msewu wonse amamwera tiyi pamenepo, ndipo mmodzi mwa iwo ndi msuweni wa Shahira. Bokosi likangotsika masitepe awa, ku Cairo amva lisanafike pansi.

Lachiwiri, 14 Novembala

Ndinatsitsira Ragab dengu muli kakalata: "Bwera wekha nthawi ya nkhomaliro. Usauze munthu."

Anabwera, imvi mbuu, akupuma wefuwefu. Ameneyu ndinamuphunzitsa ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, kugawa kunamukaniratu. Kusuzumira mkati, kuyamba kuseka. "Aphunzitsi, mwaikamo mbale yagolide, eti? Mwezi uno ndinu achitatu."

Achitatu! Ndikanamukumbatira.

Akuti mphamvu imatulukira kuseri kwa kachidutswa kaja, ndipo ntchito yake n'kutchinga mafuta ndi nthunzi. Kakapsa kamasanduka khala, kamathetheka ngakhale muikemo madzi okha. "Mwachita bwino kulisiya. Ena amakakamira mpaka liyake moto." Anatsika, anabwera ndi china, kudula ndi sizasi, kulowetsa. Chitseko anachiyesa kangapo ngati chikugwira bwino. Kumbuyo sanatsegule. Akuti m'menemo mumatsalira magetsi otha kupha munthu ngakhale pulagi itazulidwa, ndisadzalole aliyense kumasulako chifukwa choti ali ndi sikuludiraiva.

Tambula ya madzi inazungulira, inawira, phokoso ayi.

Ndinamufunsa ngati akanene pansipo. Anagwira pachifuwa: "Inu bambo anga simunawauze za mayeso aja. Lero sitinaonane, Aphunzitsi."

Nyemba zotentha, mafuta pang'ono, ndimu. Ndinalira ndikudya.

Lachitatu, 15 Novembala

Malalanje pambale, ndawaunjika mbali yopsa ija. Nagat, mfiti ya munthu, anayamba kuchotsa limodzilimodzi ine ndili chiimire pakhomo. Kuona golide wakuda, kundiyang'ana kumaso.

"Ndiye sabata yonse mukundizemba chifukwa cha ichi? Zinalipo khumi ndi ziwiri izi, zitatu ndinawotcha ndekha chaka chatha. Talowani, tiyi akuzizira."

Ndinati nanga Medhat. Iye: "Gasi uja akanatipha tonse, n'chifukwa chake ndinaimba. Mbale ndi yanga, nkhani yakenso ndi yanga."

Ndamukhululukira. Theka.

Lachinayi, 16 Novembala

Ndapukuta bokosi katatu. Mbale yozungulira ya m'kati mwake ndaitsuka, ndaiumitsa, ndaibwezera bwinobwino pa timatayala take. Mbale zanga zonse za mkombero wa golide ndazikweza pamwamba pa kabati, zisandiyese.

Kachidutswa katsopano n'kowala kuposa kakale. Ndakayang'ana kuchokera kumanzere, kuchokera kumanja. Medhat ali ndi maso a bambo ake, saphonya kanthu.

Lachisanu, 17 Novembala

Medhat wabwera atachoka ku Swala ya Lachisanu kumzikiti. Nsapato asanavule n'komwe, molunjika kukhitchini. Kutsegula bokosi, kununkhiza, kupititsa chala m'makona ngati woyendera sukulu. Ine ndili chiimire pakhomo. Anayang'ana kukhoma la kumanja. Anatseka.

Ndinamutenthetsera mpunga ndi denje, zomwe Nagat anandiphikira m'mawa, Medhat akuonerera. Mbale yagalasi, chivundikiro, kuimitsa, kutakasa, kudikira pang'ono, kuvundukulira kumbali kuti nthunzi isandiwaule kumaso. Ngati mayeso, ine ndili mwana wa sukulu.

Anadya mbale ziwiri. Kenako anapsompsona dzanja langa. "Ndinalakwa, Amayi. Mutu wanu ukugwira kuposa wanga. Khalani m'nyumba mwanu."

Ndapambana. Atapita ndinakhala pakhonde nthawi yaitali, kungoyang'ana msewu wanga. Wogulitsa magwafa ndi bulu wake, zovala za anthu pazingwe, Ragab akundikwezera kapu ya tiyi ngati sakudziwa kanthu. Mulungu ndi wamkulu.

Lolemba, 20 Novembala

Masana ano ndatsegula bokosi kuti ndiikemo mphodza. Mkati muli kampoto kanga kamkuwa kophikira khofi. Madzi, khofi, shuga, ndi kasupuni kali momwemo. Kozizira. Pamanambala pakuoneka mphindi zitatu. Kwangotsala kudina.

Mkuwa n'chitsulo. Zimenezi ndikuzidziwa.

Ndafufuza m'mutu monse. Ndinadzuka. Ndinaswali. Ndinatsitsa dengu. Kuchokera pamenepo pali bii mpaka masana. Sindikukumbuka kukatsitsa pashelefu. Sindikukumbuka kuthira shuga. Sindikudziwa chinandiletsa kudina n'chiyani.

Ndinapita kwa Nagat kukafunsa ngati analowa muno n'kugwira zinthu zanga. Ndinafunsa mokalipa, Mulungu andikhululukire.

"Sindinalowe, anzanga. Ndinagogoda m'mawa, munatulukira kukhitchini, tinacheza pakhomo za mtengo wa anyezi. Munandipatsa ndimu ziwiri. Simukukumbuka?"

Ndimuzo zinali patebulo pake. Zanga, za m'dengu la lero.

Ndiye kugogoda kwake ndiko kunandichotsa pabokosi paja. Akanachedwa pang'ono?

Anandigwira dzanja. "Ulendo uno ine sindiimba. Muimba nokha, kapena musaimbe."

Pamwambapa pabadwa khanda, lili ndi milungu itatu. Ndikulimva likulira, mayi ake akuliyimbira.

Pulagi ndazula. Ndikuchita mantha, osati ndi bokosi. Foni ili apa, pafupi ndi kope. Medhat amaweruka 4 koloko, kwatsala mphindi khumi. Ndimuuze mawu ati? Makatani awa ndinasoka ndekha, kunsanja kuja mawindo ake ndi aakulu, sakakwanako, ndipo...