Kaswichi ka Galimoto ya Alendo

Achimwene,

Landirani moni wochokera kuno ku Chileka. Tonse tili bwino, ndipo chifuwa cha amayi chija chatha. Kaya inu ku Harareko?

Galimoto yonyamula alendo kubwalo la ndege ija yasiya kuziziritsa m'kati, ndi kutentha kwa Okutobala kumeneku. Abwana ankati gasi watha, koma nditayeza ndinapeza alimo wokwanira. Nditagunditsa mawaya awiri a kaswichi koyeza mphamvu ya gasi, kompuresa yopopa gasi woziziritsayo inadzuka pomwepo. Kafa ndi kaswichiko.

Amalume a ku Lirangwe akuti, "Ingomanga mawayawo, mphwanga, ziziyenda." Ine ndakana. Gasi akadzadontha, kompuresa idzapsa popanda choiletsa, ntchito yanganso n'kupsera limodzi.

Chonde nditumizireni kena kudzera mwa aliyense wobwera kuno. Mpaka kadzafike, alendo azitsegula mawindo.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Yusufu