Bondo la Apongozi ndi Giya Yachiwiri

Sanjala, Lichinga

Okondedwa achimwene anga a Benjamin,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu. Mwendo uja madokotala anaung'amba ukupeza bwanji? Mwayamba kuponda pansi, kapena mudakali pa ndodo? Alamu anga a Matilde ali bwanji, ndi ana onse kumeneko ku Nampula? Kuno thupi lili bwino. Kuzizira kwatha, fumbi ndiye labwera, ndipo anthu ali kalikiliki kukonza minda.

Mwandiimbira kangapo kufunsa chifukwa chake nkhope yanga sikuoneka pa zithunzi za ukwati wa mwana wanga Eveline. Nthawi zonse ndinkati netiweki yavuta, kenako n'kudula. Netiweki inalibe mlandu, achimwene. Pakamwa panga ndi pamene pankalemera. Ndaona kuti bola pepala, poti silindiyang'ana m'maso.

Pa zithunzipo palibe ine chifukwa kutchalitchiko kunalibe ine. Ndipo pamene ndikulemba pano, mlamu wanu Paulina sali pakhomo. Anapita kwawo ku Meponda ndi mayi ake ukwati utangotha, ndipo wanenetsa kuti sabwerera mpaka ankhoswe akhale pansi. Nkhoswe yanga ndinu. Chonde werengani mpaka kumapeto musanayambe kundikalipira.

Zonsezi zabwera ndi Piripiri, kagalimoto kothamanga kofiira kaja, ka mipando iwiri, kamene bambo anasiyiridwa ndi bwana wawo wachipwitikizi. Inu mukukumbuka kuposa ine mmene anakachotsera matayala n'kukafunditsa udzu tisanathawire ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndi mmene tinakapezera pobwerera, nkhuku za eni zikuikira pa mpando wa dalaivala. Bambo anamwalira akunenabe kuti kadzalira ndithu tsiku lina.

Chimangireni garaja kuseri kwa nyumba, Loweruka lililonse lathera mmenemo. Dzimbiri ndapala ndi manja angawa mpaka zala kusenda. Mawaya odyedwa ndi makoswe ndalumikiza limodzilimodzi. Mapisitoni ndi kabuleta zimene munandipezera kwa ogulitsa zitsulo zakale kumeneko zinalowa bwinobwino. Paulina ankati ndili pa mitala, mkazi wamng'ono amagona m'garaja ndipo amadya kuposa wamkulu. Ine ndinkaseka, osaona kuti mwini nthabwalayo sakuseka.

Tsiku limene injini inalira koyamba ndinavina ndekha ngati wamisala. Koma radiyeta yake inali yobooka paliponse. Ndinayang'ana pikapu yathu yonyamulira mbatatesi, itaima pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo mtima unandinong'oneza kuti ndingobwereka. Kubwereka kwake ndinaidula makutu ake omangira, n'kuwotcherera mapaipi kuti ikwane mwa Piripiri. Radiyeta ikatero siibwereranso kwawo. Ndinatseka boneti ya pikapu osauza munthu, ndikuti ndipeza ina ukwati usanafike. Kunena zoona sindinaifunefune n'komwe. Ndinatanganidwa ndi penti.

Tsono apongozi anga msana wawo sulolanso kukwera shapa, timinibasi todzaza tija. Abale onse a ku Meponda anabwera ukwati utayandikira, iwo n'kutsala, chifukwa ine ndinali nditatumiza uthenga kuti asavutike, pikapu idzawatenga ndi matiresi kumbuyo monga timachitira nthawi zonse. Mukudziwa kuti Eveline anakulira m'manja mwawo. Mwanayo anali atakanitsitsa kuti munthu wina asamuveke velo. Ankafuna agogo ake amuveke, ndiponso amuuze mawu omaliza asanatuluke m'nyumba ya makolo.

Lachisanu masana, ukwati uli mawa lake, mlamu wanga Tsoka, mlongo wake wa Paulina, anatenga makiyi kuti akawatenge. Anatsegula boneti kuti athire madzi, n'kupeza mphako. Anangoitana Paulina kuti adzaone, pabwalo patadzaza azimayi othandiza kuphika.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanagwada. Aneba athu a Atumani anati ali ndi mnzawo wa galimoto yabwino amene angamupemphe. Ine ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati Piripiri amathamanga kuposa galimoto zonse za mu Niassa, ndidzanyamuka kukangocha, ndipo ndidzakhala nditabwera nawo anthu asanamalize kusamba. Mumtima ndinkafuna anthu a ku Meponda, amene anandiona ndikudzafunsira mbeta pa njinga yobwereka, andione tsopano.

Paulina anandifunsa funso limodzi lokha, kuti mayi ake adzakhala pati. Ndinayankha kuti pa mpando, nanga n'kukhala pati. Iye anangobwerera ku mapoto ake. Tanthauzo la funsolo ndinalimva ndili kale ku Meponda.

Kutsetsereka kupita kunyanja ku Meponda kunali kokoma, sindinama. Kagalimoto kaja kamagwira msewu, achimwene, bambo sankanama. Nditalowa m'mudzi azimayi anasiya usipa pa thandala kudzaona. Ndinaliza injini kawiri popanda chifukwa chilichonse.

Apongozi anatuluka atavala kapulana, nsalu yawo yatsopano ya ukwati, kachikwama kali m'manja. Anazungulira galimoto yonse kufunafuna kumbuyo. Kumbuyo kulibe, mukudziwa. Muli mipando iwiri yogundana, yotsika pafupifupi pansi, ndipo pakati pake pali ndodo ya giya basi.

Inu mukudziwa mmene timakhalira ndi iwo. Chikwatirireni Paulina sindinakhalepo nawo mphasa imodzi, sindinadyepo iwo akuona, ndipo tikakumana panjira wina amapatuka. Mawu athu amadzera mwa Paulina kapena mwa ana. Akuluakulu akhala akunena kuti tikonze kamwambo ka nkhuku kaja, kuti tizitha kupatsana moni ndi kulankhulana. Ine ndinkangoti chaka chamawa.

Apongozi anauza mayi woyandikana nawo nyumba kuti andifunse ngati kulibe galimoto ina. Ndinayankha kudzera mwa mayi yemweyo kuti kulibe, ndipo nthawi ikutha. Apongozi anati chifukwa cha mdzukulu wawo akwera. Azimayi awiri anawagwira m'khwapa n'kuwatsitsira mu mpandomo. Anafunda mpango kumaso n'kutembenukira kunja.

Giya yoyamba ndinaika bwinobwino. Koma pokokera yachiwiri, ndodo ija imabwera kumbuyo chakumanzere, mbali ya wokwera. Dzanja langa, lamanzerenso, linagunda bondo la apongozi. Anadzidzimuka thupi lonse. Ndinalichotsa ngati ndagwira mbaula, n'kulikakamiza pa chiwongolero, ndipo ndinalumbira mumtima kuti silitsikanso.

Silinatsikedi. Pokwera phiri, giya yachiwiri. Pamalo osalala pomwe, giya yachiwiri. Injini inkakuwa mpaka mano kuchita dzanzi. Galimoto imene ndinati imaposa zonse za mu Niassa inkapitiriridwa ndi njinga zamoto zonyamula makala, eni ake akucheuka n'kumaseka. Apongozi ankatsokomola pafupipafupi, ine n'kumati ndi fumbi.

Singano yosonyeza kutentha ndinkaiona ikukwera. Injini ndimaidziwa, achimwene, ndinkamva chimene ikupempha. Koma ndodo inali kumene kunali bondo, ndipo maso anga sindikanawatembenuzira kumeneko. Kuima ndinkaopanso, poti kunyamuka kukanafuna dzanja lomwelo. Ndinangoti tipirire, tifika.

Titapitirira theka la ulendo, pa chitunda china chopanda nyumba, nthunzi inatuluka m'boneti. Injini inagogoda, kenako zii. Madzi anali atasakanikirana ndi oyilo. Gasiketi yapsa, ndipo ndikukayika ngati mutu wa injini sunapindike. Pamenepo netiweki panalibe, ulendo uno ndikunena zoona.

Apongozi anadzikoka okha potuluka, ndi msana wawowo, poti ine sindikanawagwira. Anakakhala pa mwala tsidya lina la msewu, atandifulatira. Ine tsidya lino, suti ya ukwati ili biii ndi oyilo. Mashapa amene anadutsa anali odzaza mpaka pakhomo. Nthawi ya Misa inakwana tili pomwepo, ndipo tonse awiri tinadziwa. Ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Sindinathe ngakhale kunena kuti pepani, chifukwa panalibe munthu wodzeramo mawuwo.

Dzuwa litapendeka panabwera lole ya usipa wouma. Anyamata a loleyo anawakweza pamwamba pa matumba, ine n'kukakhala kumapeto kwenikweni. Piripiri tinamusiya pomwepo. Anadzamukoka ndi a Atumani mawa lake.

Tinafika anthu akudula keke. Akuti Eveline anadikira mpaka ansembe anati sangadikirenso, poti pambuyo panali ukwati wina. Velo anamuveka azakhali ake, mwana akulira. Kuguwa anamuperekeza ndi Tsoka. Pa zithunzi munaona, pamene payima Tsoka ndi pamalo panga.

Atationa, Eveline anathamangira agogo ake n'kuwakumbatira, diresi loyera kukhudzana ndi kapulana yonunkha nsomba. Alendo a kuchimuna anangoyang'anana. Ine anangondiuza kuti papá mwafika. Bola akanandilalatira pamaso pa anthu onse.

Paulina anadikira alendo abalalike. Sanakweze mawu. Anati galimoto kufa panjira si nkhani, zitsulo zimafa. Chimene sangachimeze n'chakuti ndinawaika mayi ake pamalo oti asankhe pakati pa ulemu wawo ndi mdzukulu wawo, kenako n'kuwalanda zonse ziwiri. Ananyamula chikwama n'kutuluka ndi mayi ake.

Dzulo kunabwera Tsoka kuchokera ku Meponda. Ndinamuyalira mpando ndikuyembekezera kutukwanidwa. Iye anati mayi ake bondo latupa, akuyenda chotsimphina. Ndinati ndiye kuti ndinawagunda kwambiri. Anati ayi, limene ndinagunda ine ndi lamanja, lotupa ndi lamanzere.

Akuti mayi ake atangoona kuti ndasiya kusintha giya, anapanikiza miyendo yonse kuchitseko kuti andisiyire malo. Njira yonse bondo linali likukanikiza chogwirira cha chitseko, ndi mabampu onse aja. Pakati pa iwo ndi ndodo ya giya panali mpata woti n'kudutsa dzanja ndi sipanala yomwe. Ndikanangotsitsa diso kamodzi ndikanaona.

Mayi aja akwera malole a nsomba moyo wawo wonse, ndipo kulira kwa injini amakudziwa. Anamuuza Tsoka kuti kuyambira pamene tinachoka m'mudzi, liwu limodzi linali pa lilime lawo, loti teresera, mmene madalaivala a kuno amatchulira giya yachitatu. Sakanatha kundiuza. Kutsokomola kuja sikunali fumbi. Ankandiitana kuti ndicheuke.

Tsoka atapita ndinalowa m'garaja n'kutseka chitseko. Ndinalira, achimwene, ine munthu wa imvi. Ndinkaganiza kuti ndikuwalemekeza posunga dzanja langa pa chiwongolero. Iwo ndi amene ankandilemekeza, mpaka kudzivulaza, pofuna kukonza zimene ine ndinawononga ndi matama anga. Manyazi amene ndili nawo sindinawamvepo chibadwire. Kumsika sindikupita. Ana a m'dera lathu lino akandiona amalira ngati injini ya giya yachiwiri, ndipo sindiwakalipira, poti sakunama.

Ndikudziwa kuti mukawerenga za gasiketi muyamba kale kuganiza kumene mungaipeze. Musavutike nazo. Chimene ndikupempha ndinu amene. Mwendo ukangolola, kwerani sitima mubwere. Pikapu ndaipezera radiyeta, ntchito imene inanditengera m'mawa umodzi wokha, ndipo ndidzakuchingamirani nayo pa siteshoni. Tidzapita limodzi ku Meponda, matiresi ali kumbuyo.

Mukandilankhulire kwa Paulina, chifukwa nyumba ino popanda iye ndi garaja chabe. Musakandiikire kumbuyo, mukangonena kuti ndalakwa ndipo ndadziwa. Mukapemphenso akuluakulu a kumeneko kuti mwambo wa nkhuku uja uchitike ulendo womwewo, ngati apongozi angalole. Ndikufuna ndiwauze pepani ndi pakamwa pangapa. Ndipo chimene angandiyankhe, ngakhale chitakhala chowawa bwanji, ndichimve ndi makutu anga, osadzera mwa munthu.

Tambala ndagula kale, wamkulu ndithu. Ndamumangirira m'garaja podikira inu. Wazolowera kukwera mwa Piripiri n'kugona pa mpando wa dalaivala, ndipo ine sindikumuthamangitsa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Matilde, muwauze kuti akhoza kuseka, sindidandaula. Moni kwa ana onse. Mulungu achize mwendo wanu msanga, akusungeni, ndipo akupatseni mawu amene ine ndinasowa pa chitunda paja.

Ndine mng'ono wanu wochititsa manyazi,

Calisto