Anandisiya M'chipale Paphiri

Lewisham, London
18 Febuluwale

Okondedwa Malume Jailos,

Muli bwanji kumeneko ku Likhubula? Msana uja ukukulolani kugwira khasu? Nanga azakhali ndi ana? Kuno tilipo. Chiye akupita kusukulu, ine ndabwerera kuntchito kuchipatala ngakhale ndikuyenda motsimphina.

Ndamva kuti bambo a Chiye anakuimbirani Lamlungu, n'kukuuzani kuti ndachoka panyumba pa nkhani ya zii. Inu ndinu ankhoswe anga, muyenera kumvanso mbali yanga. Pafoni ndimangolira, n'chifukwa chake ndalemba.

Anzawo a kuofesi amakonda kukwera mapiri. Mwezi watha anakonza ulendo wa ku Scotland, ndipo bambo a Chiye anaumirira kuti ndipite nawo, ati ena amabwera ndi akazi awo. Ndinawakumbutsa za opaleshoni yanga ya mu Okutobala. Anati kuyenda ndi mankhwala.

Malume, chipale chofewa cha kumeneko si chisanu chija chimayera pa Sapitwa mu Juni. Pena chimafika m'chiuno. Kuti usatitimire, umamangirira kunsi kwa jombo zopondera zazikulu ngati malichero aatali, eni ake amati masinoshu. Umayenda chotangadza, ndodo ziwiri m'manja.

Tinalipo asanu ndi mmodzi. Wotsogolera anali a Harry, bwana wawo. Titakwera maola atatu, bala la opaleshoni lija linayamba kukoka ndipo ndinatsalira. A Harry anaima n'kufunsa ngati tonse tibwerere. Ndisanatsegule pakamwa, bambo a Chiye anandiyankhira m'Chingerezi, akuseka, kuti ndili bwino. Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena m'Chichewa kuti ndisawachititse manyazi pamaso pa abwana.

Ndinayesa, Mulungu ndi mboni. Koma pofika masana miyendo inakana. Enawo anali patsogolo. Bambo a Chiye anandiuza kuti nditsike ndekha, ati mapazi athu ndi awo akuoneka, ngakhale mwana sangasochere. Mapu anali m'jekete mwawo ndipo anapita nawo. Pambuyo pake ndinamva kuti kwa a Harry anakanena kuti ndasankha ndekha kubwerera, njira ndikuidziwa.

Sipanathe theka la ola, mphepo inadzuka, chifunga chinatsika. Mapazi aja anakwiririka ndikuona. Kumwamba mbee, pansi mbee, osadziwa kuti phiri lathera pati. Foni inalibe netiweki. Ndinakuwa kuitana bambo a Chiye mpaka mawu anasasa.

Ndinangoyenda chotsetsereka. Mwadzidzidzi mwendo unalowa mpaka m'ntchafu, ndipo pansi pa chipalecho ndinamva madzi akuthamanga. Ndinali pamwamba pa mtsinje. Ndinakwawa chobwerera, jombo yakumanzere itadzaza madzi.

Ndinakhala pansi. Kunabwera katulo kokoma, kofunda. Ndine namwino, Malume, tulo timeneto ndimatidziwa: munthu akagona sadzukanso. Ndinaganiza za Chiye, zaka zisanu ndi zinayi, akuuzidwa ndi bambo ake kuti amayi anasankha okha. Mkwiyo ndi umene unandiimiritsa, osati pemphero.

Poimirira ndinatsamira ndodo. Yakumanzere inalowa yonse, yakumanja inagunda polimba. Ndinabayanso, chimodzimodzi. Apa m'pamene ndinazindikira kuti pamene tinaponda anthu asanu ndi mmodzi m'mawa, chipale chinatsendereka, chatsopanocho changophimba pamwamba. Njira inalipo, maso okha ndi amene sankaiona.

Ndinayamba kubaya ndi kuponda, kubaya ndi kuponda. Katatu konse ndinaitaya, n'kubwerera pamene ndinamva kulimba komaliza, n'kufufuzanso uku ndi uku. Kenako ndinaona mulu wa miyala umene tinaudutsa pokwera. Kenako nsonga za mitengo ya mpanda zitasuzumira m'chipale. Cha m'ma 3 koloko ndinalowa m'kanyumba kogulitsa tiyi, pamene tinasiya galimoto. Mayi wa pamenepo anandivula jombo ndi manja ake, munthu wosandidziwa.

Foni inagwira netiweki. Panalibe amene anandiimbira. Chimene ndinapeza ndi chithunzi chimene bambo a Chiye anaika pa gulu lathu la kutchalitchi, ali pansonga pa phiri, mkono paphewa la abwana, mano onse pamtunda. Ndiye kuti kumtundako foni yawo inkagwira.

Sindinawaimbire. Ndinaika foni patebulo kuti ndione kuti andikumbukira nthawi yanji. Ola lathunthu linadutsa. Uthenga utabwera, unali wofunsa ngati makiyi a galimoto ali ndi ine.

Pano ndiulule, chifukwa kwa abusa sindinathe. Nditawerenga uthengawo ndinalakalaka mwamuna wanga atagwera kuphompho. Sikuti linali ganizo longodutsa ayi. Ndinakhala nalo, kapu ya tiyi ili m'manja, ndipo linkandikomera. Mpaka lero ndikawaona limabwera. Mkazi amene wafika pamenepa asamaphikirenso mwamunayo.

Atatsika, a Harry anayera nkhope poona phazi langa, ndipo anapepesa kambirimbiri. Bambo a Chiye anangondisisita pamsana n'kuuza anzawo kuti mwaona, akazi a kwathu ndi olimba. Adokotala akuti zala ziwiri zimene zinauma ndi chisanu zipulumuka, koma zikhadabo zichoka ndipo kuzizira ndidzakumva moyo wanga wonse.

Malume, inu mwanyamula katundu wa alendo paphiri la Mulanje zaka makumi awiri. Munatsikapo ndi mzungu kumsana kuchokera ku Chambe, munthu amene dzina lake simunkalitha n'komwe. Ndiuzeni, munasiyapo munthu m'chifunga kuti mukafike pamwamba? Akakuimbiraninso, muwafunse funso limeneli. Muwafunsenso kuti mapu anali ndi ndani.

Ndikudziwa mudzati banja ndi kupirira. Ndapirira zaka khumi ndi ziwiri: kundiyankhira pagulu, kundiseka Chingerezi changa, kundisiya pa siteshoni chifukwa ndikuyenda pang'onopang'ono. Zonsezo ndinkati ndi khalidwe chabe. Paphiri paja ndinaona pamene khalidwelo limathera.

Panopa ine ndi Chiye tikukhala kwa mnzanga Etta. Mukaitanitsa zokambirana za pafoni ndi ankhoswe a kuchimuna, ndidzakhalapo ndipo ndidzalankhula mwaulemu. Koma musanditume kubwerera. Simunandilamulepo chinthu ine n'kukana, chonde musayambire pa ichi.

Amayi musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa. Ndiwauza ndekha phazi likapola.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa Felton ndi mkazi wake, ndi onse a pakhomo. Ambuye akusungeni ndi kukupatsani mphamvu. Mundipempherere, chifukwa ine pakali pano pemphero likundikanika.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Marjorie