Dzanja Lamanja la Achimwene Bienvo

Lolemba, 7 Okutobala

Katundu wa mwana wanga Yuderka wafika kuchokera ku New York. Mavitamini a amayi ake, nsapato zanga zakuda, ndi khofi, ngati kuno ku Nagua kulibe khofi. Pansi penipeni kabokosi kachitsulo kofiira, kukula kwake ngati sopo wochapira, batani limodzi lopondera ndi phazi. Waimba foni masana ndili pakati pometa munthu. Akuti, "Ababa, mukaponda kamodzi kamajambula gitala. Mukapondanso kamabwereza zomwe mwaimbazo osalekeza, inu n'kumaimba pamwamba pake. Simufunanso munthu wachiwiri."

Sananene ndi mtima woipa, ndikudziwa.

Miyezi inayi chigwereni achimwene Bienvo. Mbali yakumanzere yonse inafa, mkono ndi mwendo womwe. Miyezi inayi gitala yanga ili pamwamba pa kabati. Kabokosiko ndakaponya m'dilowa ya malumo.

Lachitatu, 9 Okutobala

Nereida, mwana wa achimwene, wabwera kometera ndi khadi la ukwati. Pa 9 Novembala. Akuti, "Bambo aang'ono, ukwati wa aliyense m'banja muno munaimba inu ndi ababa. Wanga wokha ukhale wa wailesi?" Ndati ndiona. Walira pang'ono, kenako wandiseka, akuti mmeti wanji wa ndevu ngati mbuzi yokalamba.

Ndatsitsa gitala. Mawaya dzimbiri lokhalokha, mphepo yamchere ya kuno siikhululuka. Ndaika ena.

Zaka makumi anayi ndi chimodzi tikuimba bachata, nyimbo zovina za kwathu kuno. Iwo segunda, gitala yosunga kayendedwe ka nyimbo. Ine requinto, yolira pamwamba, imene anthu amaombera m'manja. Sindinaimbepo ndekha ngakhale tsiku limodzi.

Loweruka, 12 Okutobala

Mvula tsiku lonse. Ometa anayi okha. Ndatseka msanga, ndalumikiza kabokosi ku sipika.

Kuponda kamodzi, nyali yofiira, kakujambula. Kupondanso, yobiriwira, kakubwereza. Kuponda kawiri mofulumira kamasiya. Kukanikiza osachotsa phazi kamafufuta zonse. Kamasunga nyimbo imodzi yokha.

Ndajambula segunda ndekha, makiyi anayi. Phazi limachedwa. Nyimbo ikafika pobwerera poyamba imatsimphina, ndipo imatsimphina pomwepo ulendo uliwonse, mpaka mutu kuwawa. Ndafufuta, ndayambanso. Kakhumi ndi kasanu mwina.

Mkazi wanga Eufemia wasuzumira pakhomo ndi chipande m'manja. Akuti, "Bambo a Yuderka, mukuimba kapena mukukhoma misomali?"

Ndazindikira chinthu chondichititsa manyazi. Ine ndimathamanga. Kabokosi kali pambuyo, ine ndafika kale kutsogolo. Ndiye kuti zaka zonsezi ndinkathamanga chonchi, achimwene n'kumandithamangira, n'kumandibweza pang'onopang'ono anthu osadziwa. Ngakhale ine osadziwa. Sanandiuzepo.

Lamulungu, 13 Okutobala

Kwa achimwene titachoka ku Misa. Alamu a Crucita, akazi awo, anaphika sankocho, msuzi wa nyama ndi chinangwa. Achimwene pakhonde pa njinga yawo ya olumala, thaulo paphewa. Aonda. Mlomo wapendekera koma lilime likadali lakuthwa.

Nkhani ya kabokosi inafika kale. Eufemia ndi alamu sasungirana kanthu.

Akuti, "Varo, ndamva wandigulira bokosi. Ukanadikira kaye ndife."

Onse aseka. Ine sindinathe. Ndati ndi Yuderka anatumiza, sindinapemphe. Akuti, "Kamamwa mowa kameneko? Kamakubwereka malaya? Ndiye kandiposa." Kenako ayang'ana kumsewu mpaka mbale kuchotsedwa.

Dzanja lamanja lili pa bondo, zala zikukanda buluku. Galimoto ina inadutsa ndi nyimbo, chala chachikulu n'kumatsika ndendende pamene chimayenera kutsika. Iwo eni sanazindikire.

Lachinayi, 17 Okutobala

Masiku atatu ndikulimbana nako. Phazi layamba kumvera. Segunda yanga n'njoongoka koma yowuma ngati chinangwa cha dzulo. Palibe angavine zimenezi.

Magetsi anathima masana, ndinayesa zojambula zapita. Atabwera ndapeza kuti zojambula sizichoka. Kamakumbukira ngakhale kazimitsidwe.

Ndikumeta mkulu wina lero ndinangoima, lumo m'mwamba. Dzanja lija pa bondo. Lamanzere langa ndi labwino. Lamanja lawo ndi labwino.

Sindinauze munthu. Ndikuopa kutukwanidwa.

Lamulungu, 20 Okutobala

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Ndinapita kwa achimwene ndi sipika ndi kabokosi pa njinga yamoto. Atandiona akuti, "Wabwera kudzandionetsa mkazi wachiwiri?" Ndinatsitsa gitala yawo pakhoma osapempha, n'kuiika pa miyendo yawo. Anandiyang'ana ngati ndawamenya. Alamu ananyamula mkono wakufa uja n'kuugoneka pambali. Ine ndinagwada kumanzere, mutu wanga pafupi ndi phewa lawo, dzanja langa pa khosi la gitala. Ndinati, "Ine ndigwira makiyi, inu kandani."

Akuti ndapenga. Akuti anthu awiri gitala imodzi ndi masewera a zidakwa. Koma chala chinatsika.

Koyamba zinali zoipa. Ine kusintha kiyi mochedwa chifukwa mkono wapindika, iwo kundigogoda pamutu ndi dzanja lamanja. "Usayang'ane zala zako, chitsiru iwe, yang'ana zanga." Kachiwiri, kachitatu. Bondo langa kulira pa simenti. Alamu anandiponyera pilo.

Kenako zinagwirana. Sindikudziwa kuti ndilembe bwanji. Mawu aja a pansi, chala chachikulu chikuyenda ngati munthu wosafulumira kupita kulikonse. Alamu anaphimba nkhope ndi epuloni. Mayi wa nyumba yoyandikana anasiya kuyanika zovala.

Kabokosi anaponda okha ndi phazi lamanja. Kamodzi kokha, ndendende. Ine sabata yathunthu kulephera. Nyali yobiriwira, nyimbo n'kumazungulira yosalala, osadziwika poyambira. Ndinatenga gitala yanga n'kuimba pamwamba. Nyimbo ija tinapeka amayi ali moyo, ya bwato lobwera mochedwa.

Ndili mkati ndinamva akuti, "Ukuthamanga, Varo." Koyamba m'moyo wanga kundiuza. Tinaseka mpaka iwo kutsamwa.

Anadya mbale ziwiri za mpunga ndi nyemba.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndauza Nereida. Wandikumbatira pakati pa ometa, tsitsi la anthu kumumatirira pa diresi. Akuti ndiye kuti ababa aimba pa ukwati wanga. Ndati aimba.

Masana onse ndikuyeserera. Tsopano sindingajambule china, ndikatero za achimwene zichoka. Ndamata pepala pa kabokosi, ndalemba kuti osakhudza. Eufemia akuti, "M'nyumba muno tili awiri, mukanangondiuza pakamwa."

Achimwene a m'kabokosi akandisiya pambuyo sandidikira. Ndikathamanga sandithamangira. Ndi iwo, koma osatembenuka kundiyang'ana.

Lamulungu, 27 Okutobala

Ndinapita nako kwa achimwene kuti amve mmene ndakonzekera. Ndikanadziwa.

Anamvetsera maso ali chotseka. Kuzungulira kanayi, kasanu. Kenako akuti ndisaimbe pamwamba, amve okha. Anamva. Pa kiyi yachitatu pali waya wina amalira mokhadzula, chala changa sichinakanikize bwino. Pang'ono kwambiri. Ine ndinali ndisanamvepo.

Akuti, "Fufuta."

Ndinati ndi chala changa chimenecho, si inu. Ndinati tijambulenso. Akuti ayi. Tsiku lija anali wokondwa ngati mwana, akuti, koma sabata yonseyi aganiza. "Anthu a ku Nagua anandimva zaka makumi anayi ndili wathunthu. Asandimve theka. Ndikhale pa njinga apo, dovu likutsika, anthu akuloza kabokosi kuti Bienvo ali umo? Azilira m'malo movina, pa ukwati wa mwana wanga? Fufuta pano ndikuona."

Alamu anayesa kulankhula. Achimwene anawakwezera dzanja kuwaletsa.

Ndinaponda kawiri mofulumira. Nyimbo inasiya. Iwo sadziwa kusiyana kwake. Ndinati zatha, achimwene.

Akuti, "Zikomo, mng'ono wanga." Sanditchula choncho kawirikawiri.

Ndafika kunyumba osadya.

Lachitatu, 30 Okutobala

Sindinayatse. Kali m'dilowa. Ndimatsegula, ndimatseka.

Eufemia ndamuuza. Akuti, "Mwanamiza munthu wodwala, ndiye mukufuna ine ndinene chiyani?" Kenako wandiikira khofi, wandisisita pamsana.

Lamulungu ndikawauza achimwene zoona. Akatukwana atukwane. Mwina ndikawanyengerera bwino alola.

Lolemba, 4 Novembala

Chipatala, ku San Francisco, tauni ya ulendo wa pa basi kuchokera kuno. Lachisanu m'mawa achimwene anagwanso, alamu akuwasambitsa. Kachiwiri aka n'koopsa. Mawu apita. Dzanja lamanja nalonso lagona.

Masiku atatu pa benchi. Fungo la mankhwala lalowa mpaka m'malaya. Maso amaona, amatidziwa. Nereida atalowa anatsatira ndi maso mpaka pamene anakhala.

Mwanayo akuti ukwati uimitsidwe. Alamu akana. Akuti bambo ake ananena kale, kangapo, kuti chilichonse chichitike tsikulo lisasunthe. Abale a mwamuna anagula kale matikiti a ndege. Achepetsa zonse. Tchalitchi, kenako chakudya pabwalo la kunyumba, masana, anthu ochepa.

Achimwene ndawameta ndevu pa bedi. Khungu lofewa ngati la khanda. Ndinafuna kuwauza zoona pamenepo, lumo lili pa tsaya. Namwino analowa.

Ndikunama. Namwino analowa nditatha kale. Ndinachita mantha basi.

Lachisanu, 8 Novembala

Nereida wabwera m'mawa, maso otupa. Amayi ake anamuuza kuti zinafufutidwa. Akuti, "Bambo aang'ono, palibe ngakhale pang'ono pomwe patsala?"

Ndikanangoti palibe. Liwu limodzi.

Ndatsegula dilowa. Ndayatsa. Wakhala pansi pa simenti pafupi ndi sipika, diresi lake la kuntchito, khutu pa nsalu ya sipika. Wamvetsera osalira. Ndamuuza zonse zimene bambo ake ananena, osachotsapo. 

Akuti, "Ananena poopa kuti anthu aziwayang'ana. Mawa kulibe wowayang'ana. Sandiperekeza kuguwa, savina nane. Ichi chokha musandimane."

Ndati mawu awo ndi mawu awo. Akuti nanga ine si wawo?

Onse awiri akunena zoona. Wabodza ndine ndekha.

Ndasita malaya oyera. Nsapato za Yuderka zikuthina.

Lamulungu, 10 Novembala

Ndinaimba.

Anthu ngati makumi atatu, pansi pa mtengo wa mango. Nkhumba yowotcha, anthu kudya mwaulemu ngati pamaliro. Nthawi yovina akwati itakwana ndinaponda. Sindinalengeze kanthu. Makiyi anayi aja anayamba okha, ine manja ali pa bondo.

Alamu anadziwa pa kiyi yoyamba. Anandiyang'ana. Sindidzaiwala. Sanadzuke, sanandiletse.

Mkulu wina amene ankasewera nawo madomino anavula chipewa, akuti, "Ameneyo ndi Bienvo." Zinayenda pakamwa ndi pakamwa. Nereida anavina ndi mwamuna wake, nkhope yobisa pa jekete lake. Ena anadzuka kuvina. Ambiri analira. Achimwene ananena zoona, analira kuposa kuvina.

Sindinathamange. Mwina koyamba.

Lero m'mawa basi yoyamba kupita ku San Francisco. Ndinawapeza ali maso, alamu atapita kukagula madzi. Ndinakhala pafupi. Ndinawauza za diresi, za wansembe amene anaiwala dzina la mkwati, za nkhumba. Maso ankamwetulira. Kenako ndinati, "Achimwene, ndinakunamizani. Tsiku lija sindinafufute. Dzulo munaimba pa ukwati wa Nereida. Anandipempha, koma woponda ndinali ine."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Msozi umodzi unatsikira kukhutu. Ndinafuna kuupukuta. Anatembenuza mutu, pang'onopang'ono, ndi mphamvu zonse zimene zatsala, mpaka nkhope kuloza kukhoma.

Ndinaitana kawiri. Sanatembenuke.

Namwino akuti atopa, ndiwasiye apume. Ndakhala nawo zaka makumi asanu ndi limodzi. Ndimadziwa akatopa, ndimadziwa akakwiya.

Ndinakhala pomwepo mpaka nthawi yoona odwala itatha, ndikuyang'ana kumbuyo kwa mutu wawo. Tsitsi lakula m'khosi, lifunika kuchepetsa.

Mawa sinditsegula kometera. Ndipitanso. Akayang'ana kukhoma ndikakhala mbali ya kukhomako, sangatembenuke tsiku lonse. Atukwane ndi maso, ndilandira. Tili ndi nthawi, adzandi...

Alamu aimba foni. Dokotala akufuna abale onse, tibwere lero lomwe, tisadikire mawa. Eufemia akundifunafunira nsapato zanga