Dzina la Asha

Lolemba, 3 Juni
Anzanga a Zigubu Band apita ku Lilongwe kukajambula chimbale. Ine ndatsala. Tahiru, mtsogoleri wathu, akuti babatoni wanga, gitala wamkulu wa chingwe chimodzi uja, sakwana m'minibasi, komanso kumeneko kuli makina olira ngati iyeyo. Zaka zisanu tikuimba limodzi, titavala maukonde akutha, gitala wa chigubu akukuwa pa batire ya galimoto, anthu nkumatitcha amisala. Lero sakwana. Chabwino. Mwana wanga Asha akutsokomolabe, sindikanamusiya. Sopo watha.

Lachisanu, 7 Juni
Tahiru waimba foni nditangotuluka ku mzikiti. Akufuna kanyimbo kanga kotonthozera mwana kaja, "Asha gona, bambo ali pano." Akuti mwini situdiyo wakakonda. Ndavomera msangamsanga. Ndauza Safiya kuti dzina la mwana wathu limveka pa wailesi. Waseka, "Bola musaiwale mankhwala ake."

Lachiwiri, 9 Julayi
Chimbale chatuluka. Ndachimva pa foni ya wakabaza, ndikusoka ukonde padoko. Palibe chigubu, palibe kukuwa. Kiyibodi yokhayokha, zofewa ngati za wina aliyense. Nyimbo yachitatu ndi yanga. Koma akuti, "Asha tigone, bebi ndili pano."
Tigone.
Ndamuuza wakabazayo abwereze. Ndi momwemo. Mwana wa chaka ndi miyezi isanu.

Lachinayi, 11 Julayi
Ndamuimbira Tahiru. "Aise, tangowonjezerapo 'ti' basi. Gona samalowa msika. Ma Asha ndi ambiri." Ambiri inde, koma kuno ku Chia aliyense akudziwa kuti anapeka ndani, ndipo anapekera yani. Iyeyu analipo tsiku lomwe tinkamupatsa mwanayu dzina, mpunga anadya nafe mbale imodzi. Ndamupempha achotse dzina lokha, zina zonse atenge. Akuti zalowa kale m'mafoni, sizibwerera. Mayunitsi anatha ndisanamalize.

Loweruka, 20 Julayi
Apongozi, bambo ake a Safiya, andiitanitsa. Sanandifunse kuti ndadzuka bwanji. "Dzina la malemu mayi anga mwalipititsa kumowa?" Ndafotokoza kawiri. Iwo angondionetsa chithunzi cha chimbale pa foni. Pansi palembedwa dzina langa: wopeka, Ramadhani. Chokhacho ndiye Tahiru sanasinthe.
Babatoni ndamulowetsa m'khola la nkhuku. Kumuona sindikufuna.

Lachitatu, 31 Julayi
Sikelo. Safiya wakana kupita, manyazi. Ndapita ndine, mwamuna ndekha pamzere. Namwino ataitana "Asha Ramadhani," amayi akumbuyo anayamba kuimba chapansipansi, wina mpaka kugwedeza m'chiuno. Mwanayo nkumaomba m'manja, iye akuti chisangalalo. Lero ndi amayi. Akadzayamba sukulu adzakhala anyamata.
Wakwera pang'ono, chifuwa chachepa. Ndafunsa ngati dzina la pakhadi limasinthika. Akuti ndibwere ndi mayi ake.

Lamulungu, 4 Ogasiti
Tagwirizana ndi Safiya: Nadia. Apongozi angoti chitani zomwe mwaganiza, nkulowa m'nyumba.
Chiyambire m'mawa ndikumuitana. Nadia. Nadia, bwera udye phala. Ali pabwalo, akuthira mchenga m'kapu. Osacheuka nkomwe. Akuyesa ndikuitana mwana wa eni ake.
Dzina linalo ndikangolitchula kamodzi, abwera akuthamanga.
Phala lazizira.