Apongozi Apitirira ndi Sitima

Amake Sota,

Khalani pansi kaye. Mayi anu apitirira ndi sitima.

Nditatenga mtsuko wa phulusa la mtembo wawo kwa alamu m'mawa uja, ndinauika pamwamba poika katundu m'sitimamo, poopa kuti anthu angauphwanye. Mukudziwa mmene timapanikizirana. Kenaka tulo. Ndinadzidzimuka zitseko zikutsekeka pasiteshoni yathu, n'kudumpha ndi ambulera yokha.

Ndinathamangira kuofesi, kuiwala kuti antchito anawachotsa onse, kunangotsala kabatani koyankhulira kaja. Ndinakaweramira kabataniko, ine munthu wamkulumkulu! Mtsikana wa mkatimo akuti, "Pepani bambo, katunduyo ndi wotani?" Ine, "Si katundu mwanawe, ndi apongozi anga!"

Awapeza kumathero a njanji, ali bwinobwino. Ndikukawatenga.

Ansembe a kukachisi akabwera kudzayamba mwambo wa kumanda, apatseni tiyi, kenaka muwafunse za bondo lawo lija. Nkhani imeneyo saimaliza msanga. Akulu anu asamve, chonde.

Pepani zedi. Komatu mayi ankadandaula kuti mkamwini wawo sawatengera koyenda. Lero afika mpaka kugombe, opanda tikiti. Pobwera ndiwafungata pamiyendo, ndipo sindiphethira n'komwe.

Tsutomu